Malata a ku Halale ndi Khonde la Agogo Anu

Ana inu mwakhala mukundifunsa chifukwa chake nyumba yakale ya agogo anu ku Lirangwe ili ndi chipinda chopanikiza chotero, choti ukayala mphasa n'kuika dengu basi chadzaza, chonsecho amene anaikonza ndine, munthu amene ndinakalambira pa ntchito yomanga. Iwe Lute umafika pondiseka kuti kapena tepi yanga inadyedwa ndi makoswe. Seka, mwana wanga, mano ukadali nawo. Ndalemba pano kuti mudziwe kuti chipinda chimenecho chinachepa chifukwa cha nzeru zanga zoyerekeza mtengo wokonzera nyumba ku Blantyre ndi wa ku Salisbury, kumene ife tinkangoti ku Halale.

Chileka, chaka choyamba cha Chitaganya

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro a pamwezi ndinaipeza kwathu konkuno ku Chileka. Mzungu wina wa makontalakiti anapatsidwa nyumba zakale za pafupi ndi bwalo la ndege kuti azikonzenso, ndipo ankafuna anthu odziwa kugwira mpeni womangira. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangomutchula Bwana Sikweya, poti sikweya yake sinkachoka m'khwapa ngakhale pa nthawi ya chakudya. Ukamanga khoma ankabwera, n'kuika sikweyayo pangodya, n'kutsinzina diso limodzi. Likapendama pang'ono pokha ankaliponda ndi jombo, gumu! kenako n'kumapita. Ndinamuda miyezi itatu yathunthu. Mwezi wachinayi ndinaona kuti makoma anga asiya kupondedwa, ndipo chaka chisanathe anandipatsa ukapitawo. Lamulo lake linali limodzi, m'Chinyanja chake chothyokathyoka: "Iwe yesa wekha, iwe gula." Ankatanthauza kuti mmisiri sagula katundu pa muyeso wa munthu wina.

Masiku amenewo katundu womangira ankavuta koopsa. Simenti inkabwera pa sitima, ndipo matumba ena ankafika atauma kale ngati mwala. Misomali tinkazula m'matabwa akale n'kumaiwongola umodziumodzi. Malata ndiye musanene: a m'masitolo a ku Blantyre ankati akubwera sabata yamawa, sabata yamawayo n'kusanduka miyezi iwiri. Koma ntchito ya pa Chileka inali ndi chokoma chake. Ndege ikamatera tonse tinkaima chilili, matope akuuma pampeni, kuyang'ana chichitsulo cholemera kuposa lole chikutsika kumwamba pang'onopang'ono, n'kukhudza pansi osasweka, anthu n'kutulukamo akuseka ngati sipanachitike kanthu. Ndaziona ndege mpaka kukalamba, koma ikamatera mtima umandidumphabe.

Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, Esinati, n'kukalowa chikamwini kwawo ku Lirangwe. Ndinkagona kuntchito, Loweruka n'kupalasa njinga kupita kumudzi. Inu a masiku ano mumakhala ndi apongozi anu pampando umodzi n'kumaseka mpaka kugundana mapewa. Ife ayi. Ine ndikaona agogo anu akubwera panjira ndinkapatukira kutchire, iwonso n'kutembenukira kumbali. Mawu athu ankadzera mwa amayi anu, ngakhale titatalikirana mapazi khumi okha. Nyumba yawo ndinkailambalala patali ngati muli njuchi. Inali ya zidina, yofolera udzu, ya khonde kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo anaimanga ndi malemu amuna awo. Nyumba za azungu ndinkazidziwa njerwa iliyonse, koma ya apongozi anga ndinali ndisanaikhudzepo ndi chala.

Salisbury, chaka chachinayi cha Chitaganya

Chaka chimenecho tinali titangomaliza kukonzanso nyumba ina m'tauni ya Blantyre: denga latsopano, simenti yapansi, mawindo ndi penti. Mlongo wake wa bwana, amene ankakhala ku Salisbury, anafuna ntchito yomweyo pa nyumba yake, ndipo bwana anatitenga amisiri anayi pa lole, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete. Ana inu, ine ndinkati Shire ndiye mtsinje. Nditaona Zambezi ndinavula chipewa. Lole yathu yonse, ndi katundu yemwe, anaikweza pa pantoni n'kuiwolotsa ngati mtolo wa nkhuni, ine nditagwira chitsulo ndi manja awiri, ndikutchula mapemphero onse amene ndinkawadziwa. Koma kumeneko kunali kuyamba chabe. Ku Salisbury ndinaona nyumba zosanjikizana mpaka khosi kuwawa, ndi misewu yowongoka ngati anaiyesa ndi Bwana Sikweya yemwe. Tsiku lina bwana anandilowetsa m'chikepe chonyamulira katundu, poti cha anthu ife sitinkaloledwa. Chitseko chinatsekeka, chikepecho chinanyamuka nafe kukwera m'mwamba, ndipo chitatseguka ndinapezeka ndikuona madenga a nyumba zina ali pansi panga. Ndinafunsa kuti, "Bwana, amene anamanga izi ndi anthu?" Anaseka n'kunena kuti ambiri mwa iwo ndi a kwathu ku Nyasaland.

Koma chimene chinandizunguza mutu ndi bwalo logulitsira katundu womangira. Malata amene kwathu tinkawadikira miyezi, kumeneko anali ataunjikidwa milu yotalika kuposa munthu, a mafiti sikisi, a eyiti, a teni, ukangoloza n'kukukwezera. Nditamva mtengo ndinayesa kalaliki walakwitsa. Ndinamufunsanso kawiri mpaka anandikwiyira. Ndalama zogulira malata awiri ku Blantyre, kumeneko zinkagula atatu, n'kutsalako ya misomali. Simenti chimodzimodzi, magalasi chimodzimodzi, penti ndiye ngati akungogawa.

Nyumba ziwirizo, ya ku Blantyre ndi ya mlongo wa bwana, zinali ngati mapasa kukula kwake, ndiye tsiku lina pa nthawi ya tiyi ndinalimba mtima. "Bwana, ndiye kuti kukonza nyumba kuno n'kotchipa kwambiri kuposa kwathu." Iye anatola khala n'kuyamba kujambula pakhoma limene tinali tisanapake penti. "Blantyre, katundu," anakoka mzere wautali. "Blantyre, anthu," kamzere kakafupi. "Salisbury, katundu," mzere waufupi. "Salisbury, anthu," wautali kuposa yonse. Atailumikiza iwiriiwiri, wa ku Salisbury ndi umene unaposa. Ndinayang'anitsitsa kamzere kakafupi ka anthu a ku Blantyre kaja, ndipo ndi pamene ndinadziwa chimene anatinyamulira ulendo wonsewo: mlongo wake ankagula katundu pa mtengo wa ku Salisbury, koma amisiri pa mtengo wa ku Blantyre. Kamzere kameneko ndinali ine. Zinandiwawa, sindibisa. Koma nzeruyo ndinagoma nayo, ndipo ndinati nanenso ndiibe.

Lamlungu ndinapita kukomboni kukaona amalume anu a Dayisoni, alongo awo a amayi anu, amene ankaphika m'hotela ina kumeneko ndipo anali asanapondeko kumudzi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali atasunga ndalama m'chitini zoti akonzere nyumba ya amayi awo, koma mtengo umene anamva wa ku Blantyre unawagwetsa mphwayi. Ndinawajambulira mizere ya bwana ija pansi ndi kamtengo. "Alamu, katundu tigule kuno. Lole ibwerera yopanda kanthu, bwana sangakane. Msonkho wa pamalire kulibe, Chitaganya chinachotsa. Manja ndi anga, aulere. Amayi agona m'nyumba ya malata mvula isanagwe." A Dayisoni anakumbatira chitini chawo chija. "Alamu, ndalama izi ndazipsera zala zaka seveni. Mukutsimikiza?" Ine ndinadziguguda pachifuwa. Chitaganya ndinkadana nacho ngati wina aliyense, koma tsiku limenelo ndinachiyamika chamumtima.

Ndinalembera amayi anu kalata yoti anditumizire muyeso wa nyumbayo, komanso kuti abale asasule udzu wakale, aumbe ndi kuotcha njerwa zokwezera makoma, kuti ine ndikafika ndingokhoma. Patapita masabata atatu munthu wina wa ku Lirangwe, wobwera kudzafuna ntchito, anandipatsa kamtolo. Munali zingwe ziwiri za luzi, chachitali cha mulitali, chachifupi cha mulifupi, chilichonse chili ndi mfundo kumapeto. Kumudzi kunalibe tepi, ndipo amayi anu manambala ankadziwa a m'buku la nyimbo okha. Ndinazitambasula, n'kuziyesa ndi tepi yanga, n'kuwerengera kutsetsereka kwa denga. Malata a mafiti eyiti ankakwana bwinobwino, n'kutsalako pogwetsera madzi. Mumtima munabwera kamawu koti, kodi nyumba ija ndi yaing'ono chonchi? Ndinakakankhira kumbali, poti ndinkaionera patali, ndipo chakutali chimanamiza maso. Tinagula a eyiti. Tsiku lokweza pa lole bwana anawagogoda ndi sikweya yake n'kundifunsa kuti, "Iwe yesa wekha?" Ine ndinati, "Inde, bwana." Zingwezo ndinaziyesadi ndekha, ndiye ndinadzinamiza kuti sindinaname.

Lirangwe, Okutobala wa chaka chomwecho

Lole itaima pa Lirangwe anthu anasiya malonda pamsika. Malata ankawala mpaka kuthobwa m'maso, ndipo abambo ndi amayi omwe anawasenza pamutu mpaka kumudzi, nthungululu zili pakamwa. Ine ndinkayenda pambuyo ngati chitsulocho ndasula ndine. Nyumba ndinaipeza ili yasaa, denga kulibe, agogo anu akugona m'kakhitchini pamodzi ndi nkhuku. Udzu wakale unali wofumbwa ndipo anali atauotcha. Watsopano chaka chimenecho sanamwete, nanga wa malata amwetenso udzu wa chiyani? Tchire nalo linali litapsa kale.

M'mawa mwake agogo anu anapita kumunda dala kuti ndigwire ntchito momasuka. Kanali koyamba kuti ndifike pakhoma limenelo. Ndinakoka tepi kuchokera pa nsanamira ya khonde lakutsogolo kukafika ya kumbuyo, ndinawerenga, ndinakokanso. Muyeso sunkagwirizana ndi wa zingwe zija. Ndinalowa m'kati n'kuyala chingwe chachifupi chija pansi: chinagwira khoma uku ndi uku ndendende. Amayi anu anayesa m'kati, mmene amazira ndi kusesa, mmene chingwe chikanagona mowongoka. Ife amisiri timayesa kunja, ndi makonde omwe. Malata athu ankangofika pamwamba pa makoma, osapitirira ngakhale chikhatho. Nyumba ya zidina yopanda khonde mvula imaisungunula chaka chimodzi. Komanso munthu wamkulu amakhala pakhonde, m'nyumba amangogonamo.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Blantyre tsiku lomwelo. Masitolo atatu analibe lata ngakhale limodzi. Yachinayi inali ndi a teni ochepa. Ndinapempha mwini sitoloyo kuti tisinthane ndi a eyiti athu, ndiwonjezerepo njinga yanga. Anasuzumira njingayo pakhomo n'kupukusa mutu. "Bambo, njinga ndili nazo zambiri, malata ndi amene ndilibe. Mukafuna, mtengo ndi womwewo." Nditamva mtengo wake ndinatuluka osatsanzika. Pobwerera mitambo inali itayamba kuunjikana kum'mawa, kunja kukutentha kutentha kuja koti mvula ili pakhomo.

Nkhani inafika kwa a Namakhwa, alongo awo a agogo anu, eni mbumba. Anaitanitsa banja lonse pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba yopanda dengayo. Agogo anu anakhala poteropo, atandipatsa msana monga mwa mwambo. A Namakhwa sanazungulire. "Ndalama za mwana wathu zapita. Mlongo wanga akugona ndi nkhuku. Mvula ndi iyo. Akamwini, tiuzeni, cholakwika chachokera pati?" Zingwe zija zinali m'thumba mwanga. Ndikanangozitulutsa n'kuziyala pansi, aliyense akanadzionera yekha. Ndinayang'ana amayi anu. Anali ndi pakati pa iwe Lute, atawerama, akukanda pansi ndi kachitsotso, ndipo ndinaona kuti akudziwa. Ndikatulutsa zingwezo, iwo akhala mkazi amene anamwaza thukuta la mlongo wake, ndipo mudzi suiwala zotere mpaka kumanda. Ndikapanda kutulutsa, ine kapitawo wa Bwana Sikweya ndikhala mmisiri wosadziwa kuyesa, pa Lirangwe pomwepo pamene ndinkayembekeza kudzapeza ntchito zangazanga ndikadzasiya kwa mzungu. Dzina la mmisiri likagwa silidzuka msanga.

"Cholakwa ndi changa, amalume. Ndinagula katundu pa muyeso umene sindinayese ndekha. Mmisiri satero."

Linali bodza theka, zoona theka, ndipo theka loonalo ndi limene linkandiotcha kwambiri. A Namakhwa anawomba m'manja kamodzi. "Ha! Ndiye ukatswiri wa ku Halale umenewu? Tinkati mwana wathu wapeza munthu wa tepi. Tepi yakeyo amayesera chiyani?" Ena anaseka. Wina kumbuyo anati mkamwini wotere ngongomupatsa njinga yake azipita.

Pamenepo agogo anu anatembenuka. Zaka zitatu ndi kanthu ndili pamudzipo, nkhope yawo ndinali ndisanaione bwino, ndipo mawu awo olunjika kwa ine ndinali ndisanawamvepo. Anandiyang'ana m'maso.

"Achimwene, musanyoze mwana wa eni," anatero kwa a Namakhwa. "Chingwecho nsonga ina ndinagwira ndine, ina Esinati. Ndine ndinati tiyese m'kati, kunja nsanamira zikutipinga. Munthuyu akudzipaka matope kuti ife tiyere." Kenako anati kwa ine, "Inu bambo, tandiuzani ngati mmisiri, osati ngati mkamwini. Malata amenewa angafunde nyumba ndi khonde lomwe titatani?"

Ndinagwada n'kuyankha. "Pokhapokha khoma lakumbuyo litagwa, amayi, n'kumanga lina cham'kati ndi njerwa zootcha zija. Khonde likhala lakutsogolo lokha. Koma chipinda chanu chichepa kwambiri." Aliyense pamenepo ankadziwa kuti zidina za khoma limenelo anaumba ndi malemu, ndipo zala zawo zinkaonekabe m'dothimo. A Namakhwa anayamba kukana, ati khoma la mlamu wawo siligwa iwo ali moyo. Agogo anu anadzuka, anatenga khasu limene linali pankhokwe, anapita kuseri, n'kulitema khomalo kamodzi, kawiri, katatu, mpaka chidina chinagwa. Kenako anabwera n'kundipatsa khasulo m'manja.

"Amuna anga anamanga kuti ndisanyowe. Pitirizani."

Ana inu, m'moyo mwanga ndaona zodabwitsa zambiri, koma sindinagomepo ndi munthu ngati mmene ndinagomera ndi mayi ameneyu tsiku limenelo.

Masiku asanu ndi anayi otsatira

Bwana anandipatsa sabata imodzi, ine ndinabapo masiku awiri. Tinkayamba mbandakucha, amayi akutunga madzi, a Namakhwa omwe aja akuponda matope osandiyang'ana kumaso. Khoma latsopanolo ndinalimanga ndi mantha, kuyesa njerwa iliyonse kawiri. Mukafuna kudziwa za mtengo, ndalama za a Dayisoni zinakwana ndithu, ndipo tikanagula ku Blantyre zikanathera panjira denga lisanatseke. Pamenepo mizere ya bwana sinaname. Koma pakhoma la ku Salisbury paja panalibe mzere wa zidina za malemu, ndiponso panalibe wa dzina langa, limene pa Lirangwe linatenga zaka kuti liwongoke, poti anthu anasunga kuseka kuja n'kuiwala mawu a agogo anu. Mpaka ndili ndi imvi ena pamsika ankandiitanabe kuti a Eyiti, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi masana ndinali pamwamba ndikukhoma lata lomaliza, kumwamba kutada bii. Inayamba mphepo, kenako madontho akuluakulu, pha, pha, pha pamalata, kenako chimvula chonse. Phokoso lake, mayo ine! M'mudzimo munalibe amene anamvapo mvula pa denga lachitsulo la kwawo komwe. Ana ndi akulu omwe anathamangira pakhonde latsopanolo, kukuwa osamvana, ena akulowa m'nyumba ndi manja otambasula kuti aone ngati ikudontha. Sinadonthe. Mphenzi inang'anima cha kunjanji, bingu n'kugunda pafupi kwambiri. Ine ndinatsala ndi misomali itatu mkamwa, ndipo ndinati sinditsika ndisanamalize, anthu awa andiseka kokwanira.

Ndinangomva makwerero akugunda lata. Poyang'ana pansi, agogo anu ali pamvula, nsalu yonse yanyowa, akuwagwedeza ndi manja awiri.

"Tsikani, mwananga! Tsikani msanga! Malata ali ndi mtengo wake ku Halale, ali ndi wake ku Blantyre. Nanga inu mphenzi ikakutengani, ndikakugulani sitolo iti?"

Ndinatsika ndikulira ngati mwana, mwayi mvula inandibisa. Anandigwira dzanja n'kundikokera pakhonde, pakati pa ana awo. Misomali itatu ija ndinakhoma m'mawa mwake.